Ife a ku Joni tingofuna kuuona mndandanda wa feteleza

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, nkhani za pa mafoni a Amalawi a kuno ku Joni zimasintha. Za mpira zimachepa, za ndale zimayamba zaima kaye, ndipo pa gulu lililonse la WhatsApp pamayenda funso limodzi: kwanuko maina atuluka? Wosamalira maluwa ku Randburg, telala wa ku Fordsburg, mayi wolera ana a eni ku Sandton, mnyamata wogulitsa m'shopu ku Mayfair, tonse timafunsa zofanana, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene agwire khasu dzinja lino. Timafunsa chifukwa yankho lake ndi limene limagamula mmene Disembala wathu akhalire kuno. Dzina la kholo lako likatuluka pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, umatumiza ndalama ya matumba awiri, imene mu 2024 inali K30,000, basi wapuma. Likapanda kutuluka, thumba limodzi m'sitolo linadutsa kale K100,000, ndipo ya matumba awiri si ndalama yoti munthu wolandira pa sabata n'kuipeza mwezi umodzi. Imafunika kuyamba kuisonkhanitsa kukadali kozizira.

Sindikufuna kulowa m'mkangano woti pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo ipitirire kapena ithe. Akatswiri a zachuma akhala akukokana pa zimenezo kuyambira nthawi ya a Bingu, ena akuti ndalamazo bwenzi zikupita ku ulimi wothirira ndi misewu ya kumidzi, ena akuti mukangoichotsa anthu atha ndi njala. Onse ali ndi pogwira. Langa ndi dandaulo la munthu wamba. Boma likaganiza zothandiza mabanja 1.1 miliyoni, litiuze msanga kuti mabanjawo ndi ati, anasankhidwa bwanji, ndipo matumba awo afika liti pa depoti iti. Zonsezi zimakhala zitalembedwa kale penapake. Koma ife timachita kuzitolera m'makutu, mvula itagwa kale.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno mu 2011, chaka cha mizere ya mafuta chija. Ndimakhala ku Cosmo City, ntchito ndimagwira pa nazale ya maluwa ndi mitengo cha ku Honeydew, choncho feteleza ndimamusenza tsiku lililonse. Anthu amabwera pa magalimoto awo kudzagula wothira pa kapinga wa pakhomo, kapinga woti akakula amutchetcha n'kukataya. Poyamba zinkandiwawa, pano ndinazolowera, dziko la eni ndi la eni.

Koma ntchito imene yanditsegula maso pa nkhani ya leroyi ndi ina. Ndine msungichuma wa kagulu kathu ka maliro. Amene munakhalako kuno mukudziwa kuti Mmalawi akatisiya, kunyamula thupi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza kumadya marandi ochuluka zedi, ndiye timasonkha mwezi ndi mwezi. Tikakumana, ndisanayankhule china chilichonse, ndimayamba ndawerenga maina: uje wapereka, uje sanapereke, m'thumba mwatsala zakuti, lisiti la galimoto ya maliro a mwezi watha ndi ili. Kenako bukulo limayenda m'manja mwa aliyense. Muli anthu amene sukulu analekezera Sitandade 4, koma R50 ikasowa amaiona msanga kuposa ine wolembane. Tsiku limene ndidzanene kuti zonse zalembedwa bwinobwino koma simungazione, tsiku lomwelo adzandilanda buku, mwinanso ndi khofi pamwamba. Ndiye ndikamamva akuluakulu akunena kuti mlimi wa kumudzi sangamvetse za mabiliyoni a feteleza, ndimangoseka. Iye mabiliyoniwo alibe nawo ntchito. Akufuna tsamba la mudzi wake, aliwerenge yekha kapena amuwerengere mdzukulu.

Amene tinali anyamata kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tikukumbukira Starter Pack ya a Muluzi mu 1998: kaphukusi ka feteleza pang'ono, mbewu ya chimanga, ndi ka nyemba kapena mtedza, kokwana kandime kakang'ono kuseri kwa nyumba. Kanali kochepa, koma pafupifupi banja lililonse la alimi linkalandira, choncho panalibe chobisa. Zinthu zinayamba kupotoka pomwe anati tsopano tizisankha osaukitsitsa okha. M'mudzi momwe aliyense amadya kamodzi pa tsiku mwezi wa Febuluwale, wosaukitsitsa ndi uti? Kenako inafika njala ya 2002, itangomveka mbiri yoti chimanga cha m'nkhokwe za boma chagulitsidwa, ndipo kwathu anthu anadya madeya ndi zitsa za nthochi.

Makuponi anayamba mu 2005 ndi a Bingu wa Mutharika, chilala chitavutanso. Banja linkayenera kulandira makuponi awiri, ina ya feteleza wokulitsa, ina ya wobereketsa, matumba a makilogalamu 50, ndipo chaka choyamba thumba linali K950. Pofika mu 2009 linali latsika mpaka K500. Chimanga chinachuluka moti mu 2007 dziko linagulitsako china ku Zimbabwe, a Bingu n'kutchuka nazo kunja konse. Zachinyengo zinalipo, tisanamizane. Kunabadwa midzi ya papepala yokhala ndi mfumu koma yopanda nyumba, kunasindikizidwa makuponi abodza, ena enieni ankapezeka m'matumba mwa mavenda asanafike n'komwe m'mudzi. Komabe zaka zina kwathu kunkachitika chinthu chimene ndimachisowa mpaka lero, msonkhano wa pabwalo. Alangizi ankaima ndi pepala n'kumaitana maina mokweza, mudzi wonse uli pompo. Akatchula munthu amene tinaika chaka chatha, azimayi ankayamba kung'ung'udza nthawi yomweyo. Akatchula mwana wa mfumu kachiwiri pa dzina lina, wina kumbuyo ankatsokomola dala. Sikuti chinyengo chinkatha ayi, koma wochitayo ankachita anthu akumuona nkhope, ndipo mawa lake ankakumana nawo pa mjigo.

Mu 2020 boma la a Chakwera linathetsa makuponi n'kubweretsa pulogalamu yatsopano ya feteleza wotsika mtengo yotchedwa AIP. Lonjezo la pa kampeni linali thumba pa K4,495, ndipo linakwaniritsidwa. Mu bajeti munaikidwa K160 biliyoni, ndipo m'malo mwa kuponi mlimi ankangopita ndi chitupa chake cha unzika, chija anthu anajambulitsa mu 2017, kalaliki n'kuchisikana pa foni. Poyamba anati alimi alipo 4.2 miliyoni, atayerekeza maina ndi kaundula wa zitupa, chiwerengero chinatsika kufika pafupifupi 3.8 miliyoni. Maina ambirimbiri obwereza ndi a anthu osaoneka anagwera pamenepo, ndipo chimenecho chinali chinthu chabwino. Mvula inagwanso mokomera, zokolola za 2021 zinali zosangalatsa, moti amayi chaka chimenecho anandiuza okha kuti ndisatumize ya ufa. Aka kanali koyamba kumva mawu amenewo chibwerereni kuno.

Zotsatira mukuzidziwa. Mtengo wa feteleza unakwera pa dziko lonse, nkhondo ya Russia ndi Ukraine inasonkhezera mu 2022, ndalama zakunja zinasowa. Mlimi anayamba kulipira K7,500 pa thumba, kenako K15,000. Opindula anatsika kufika 2.5 miliyoni mu 2022, 1.5 miliyoni mu 2023, ndi 1.1 miliyoni mu 2024. Tachotserani nokha: mabanja oposa 2.5 miliyoni amene anali pa mndandanda chaka choyamba, lero palibepo. Apa m'pamene pagona nkhani. Mndandanda ukamafupika, mphamvu ya wogwira cholembera imakula. Pomwe aliyense ankalandira, kudziwana ndi mfumu kapena ndi wapampando wa chipani kunalibe ntchito kwenikweni. Pomwe pa mabanja atatu kapena anayi likutuluka limodzi, funso loti wasankha ndani ndipo watsata chiyani limaposa la mtengo wa thumba.

Dzina la amayi linatuluka zaka zitatu zoyambazo. Mu 2023 linasowa. Palibe anabwera kudzawauza. Anangoona kuti anzawo a kumvano ayamba kupita kokaombola. Achemwali anga, amene anamanga pafupi nawo, anapita kwa anyakwawa.

"Mfumu, dzina la amayi sitinalimve. Lasochera pati?"

"Mayi, ine maina ndinapereka onse, ndi la mayi anu lomwe. Izi zachokera kumtunda."

Anapita kwa alangizi, amene anawalandira bwino ndithu, mpaka kuwapatsa mpando.

"Achemwali, ifenso timangolandira zimene makina atulutsa. Mwina chaka chamawa zidzayenda."

Mwina onse awiri ankanena zoona. Koma kumtunda sungakupeze pakhomo, makina sungawaitanire ku bwalo. Kale ukamanidwa kuponi unkadziwa womukwiyira, ndipo nthawi zina manyazi ankamugwira n'kukonza zinthu. Chitupa chinatseka njira ya akuba ena, koma chinapatsanso aliyense pothawira akafunsidwa.

Ndalama yanga inali itapita kale kumudzi, ili mu foni ya achemwali, ikudikira yankho. Tinagwirizana kuti dzina likatuluka, yotsala ipite ku fizi ya ana ndi malata a khitchini. Likapanda kutuluka, yonse ipite kusitolo ya feteleza. Tili mkati modikira, kumayambiriro kwa Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Anthu kumudzi amati kwacha ikagwa a ku Joni timavina chifukwa randi yalemera. Amavina ndi amene randi yake ikadali m'thumba. Yanga inali itasanduka kale kwacha, ndipo eni masitolo anasintha mitengo tsiku lomwelo, ena anayamba atseka kaye kuti aone kolowera mphepo. Ndalama ya matumba awiri inagula limodzi, yotsala osakwana lachiwiri. Akanangotiuza mu Seputembala kuti amayi chaka chino palibepo, matumba onse awiri bwenzi ali kale kuchipinda, boma osataya ndi tambala yomwe.

Amayi pa foni anangoti, "Mwanawe usadandaule, tilima momwemo." Thumba lija analisakaniza ndi manyowa a nkhuku, madeya ndi phulusa, uja amati wa Mbeya, n'kumathira mochita kuyeza ndi kachitsekero ka botolo. Kenako El Niño anafika, ng'amba inapserera chimanga chikufuna kumasula, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chilala sindingamusenzetse munthu. Koma anthu analowa m'chaka chimenecho atafooka kale ndi kudikira.

Ndipotu kutuluka kwa dzina si kulandira feteleza. Afunseni amene abale awo ali pa mndandanda. Anthu amagona pa depoti, ena ndi ana kumbuyo, kukacha n'kuuzidwa kuti netiweki palibe. Netiweki ikabwera, feteleza watha. Lole ikabwera, yabweretsa wobereketsa yekha chimanga chisanamere n'komwe, wokulitsa n'kudzafika mu Januwale anthu akubandira. Pakhomo pa depoti sipasowa anyamata odziwa njira, ukawapatsa ya fanta chitupa chako chimadumpha mzere, agogo amene afika mbandakucha ali chikhalire pa mwala. Mnzanga wina wa ku Machinga amene timakwerera limodzi takisi m'mawa anandiuza za bambo ake. Atafika pa zenera anauzidwa kuti chitupa chawo chaombola kale matumba onse awiri, iwo asanaone ndi saka lomwe. Waombola ndani, tsiku liti, pa depoti iti? Makina amasunga zimenezo, ntchito yawo ndi yomweyo. Koma bambowo anangouzidwa kuti asunthe, anzawo akudikira.

Za anthu ogulitsa zitupa zawo kwa mavenda, ine sindiweruza. Ndi Novembala, m'nyumba mulibe ufa, ndalama yoombolera ilibe kochokera, venda wafika pakhomo ndi ndalama m'manja. Ndani angakane? Chimene chimandizunguza mutu ndi china. Venda amadziwa amene ali pa mndandanda mwini dzina asanadziwe. Amafika pa njinga yamoto n'kulunjika khomo lenileni, osafunsa njira, osasochera. Ndiye kuti mndandandawu si wachinsinsi kwa aliyense. Ndi wachinsinsi kwa eni maina okha.

Palinso za kugawana. M'midzi yambiri mfumu imalamula kuti amene watuluka agawane ndi anzake, thumba limodzi mabanja awiri, nthawi zina atatu, akuyeza ndi ndowa pabwalo. Sindikuti n'zoipa, popanda zimenezo midzi ina bwenzi anthu atasiya kupitirana pa maliro. Koma pa pepala la ku likulu banja limodzi lathira makilogalamu 100, pomwe m'munda mabanja anayi athira theka la thumba aliyense, ndipo palibe amene wakolola zokwanira chaka. Nduna ikamaima m'Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti pulogalamu yayenda bwino, alimi ochuluka chakuti aombola, imakhala ikuwerenga zitupa zimene zasikanidwa. Matumba amene alowadi m'nthaka ndi nkhani ina.

Kumtunda kwenikweniko tinakusuzumirako pang'ono mu 2022. K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipidwa kudzera ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, imene inapezeka kuti malonda ake ndi a nyama. Feteleza sanabwere. Mu Okutobala chaka chomwecho a Chakwera anachotsa nduna ya zaulimi a Lobin Lowe pamodzi ndi wachiwiri wawo a Madalitso Kambauwa Wirima. Kuno anzathu a ku Zimbabwe anatiseka mpaka misozi, ati Amalawi mwayamba kugula feteleza ku butchala. Ine sindinaseke nawo kwambiri, ndinatenga cholembera. K750 miliyoni ndi ndalama imene alimi 25,000 amasonkha akamaombola matumba awiriawiri pa mtengo wa K15,000 pa thumba. Nkhaniyi inachita kuphulika, atolankhani ndi aphungu n'kuyamba kukumba ndalama itapita kale. Dzina la kampaniyo likanalembedwa poyera tsiku losainirana, mwana aliyense wa foni ya intaneti akanalifufuza madzi a tiyi asanawire n'kuona kuti apa pali nyama, palibe feteleza.

Feteleza wathu wambiri amadzera pa madoko a Beira ndi Nacala. Sitima ikafika zimadziwika, matani ake amadziwika, malole amalembedwa pa chipata, amalembedwanso polowa m'nyumba zosungira. Wa mphatso uja wochokera ku Russia, matani 20,000, amene ndi matumba 400,000, anaperekedwa mu Malichi 2023 chimanga cha dzinja chitakhwima kale, ndipo tonse tinamuona pa zithunzi. Kuchokera pa doko mpaka pa zenera la depoti, thumba siliyenda osalembedwa. Chosowa si manambala. Chosowa ndi kuwaonetsa kwa amene thumbalo likupita kwawo.

Musaganize kuti ndikutamanda dziko la eni. Kuno ndalama za alimi osauka anaziba mochititsa manyazi kuposa kwathu. Ku Vrede, m'chigawo cha Free State, boma linathira marandi oposa 200 miliyoni mu famu ya ng'ombe za mkaka imene ankati itukula alimi akuda a m'deralo. Ndalama zinadzera ku kampani ya Estina n'kukathera kwa anthu ogwirizana ndi banja la a Gupta, ng'ombe zikufa, alimi aja osaona kanthu. Zinakambidwa pa komishoni ya a Zondo dziko lonse likuonera pa TV. Choncho za ukhondo pa ndalama za boma asatiphunzitse. Koma pali kanthu kamodzi kamene ndimasirira. Mwana wa alandilodi anga sali pa ntchito, ndiye amalandira R370 ija ya SASSA, bungwe la boma la kuno lopereka ndalama zothandizira osowa. Mwezi uliwonse amalowetsa nambala ya chitupa ndi ya foni, n'kuona ngati wavomerezedwa ndi tsiku lolandirira. Akakanidwa, amamulembera chifukwa chake, iye n'kuchita apilo. Amadandaula, amatukwana, nthawi zina amati chifukwacho n'chabodza. Koma ali ndi choti atsutse. Amayi anga alibe n'chotsutsa chomwe.

Ndipo sitikufunika kuchita kuphunzira kwa anthu a kuno. Kwathu mphamvu ya pepala lomatidwa pa chitseko timaidziwa kale. Mayeso a Sitandade 8 akatuluka, maina a ana amene asankhidwa kupita ku sekondale amaikidwa poyera, kholo lililonse n'kudzionera lokha. Pa chisankho, zotsatira za pa senta iliyonse zimalembedwa pompo, mamonita n'kusaina. Mapepala amenewo ndi omwe anaonetsa Tippex wa 2019, khoti n'kufafaniza chisankho cha pulezidenti mu Febuluwale 2020. Ngati voti ya amayi imawerengedwa pamaso pa anthu, thumba lawo lilekerenji? Pa khoma la depoti iliyonse pazimatidwa pepala madzulo aliwonse: alowa matumba akuti a wokulitsa ndi akuti a wobereketsa, atuluka akuti kupita kwa anthu awa a midzi iyi, atsala akuti. Kalaliki asaine, nthumwi ya alimi isaine. Maina a mudzi uliwonse azimatidwa mu Ogasiti pa sukulu ya pulayimale, pa tchalitchi ndi pa mzikiti, osati pa ofesi yoti munthu apalase njinga theka la tsiku kuti akaione, ndipo pansi pake pazilembedwa mfundo zimene zatsatidwa posankha ndi koti wodandaula apite. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, milungu yochepa chabe AIP isanatsegulidwe. Ziwirizi zinabadwa mwezi wotsatizana, koma kumudzi kwathu sizinakumanepo.

Nditanena zimenezi pa gulu lathu, mkulu wina wa ku Mangochi amene tonse timamulemekeza, munthu woti anafika kuno ife tisanamere mano, anandidula.

"Achimwene, inu mukufuna kuyatsa moto m'midzi. Mukamata maina pa sukulu, mawa wina adzaloza mayi anu n'kunena kuti awa mwana wawo ali ku Joni, akulandiriranji? Kenako nsanje, kenako za ufiti. Zina ndi bwino zizikhala m'thumba mwa mfumu."

Mawu amenewa anandilowa, chifukwa akunena za ine ndithu. Ife a ku Joni kumudzi amationa ngati tikutola ndalama mumsewu. Sadziwa kuti ena timagona anayi m'chipinda chimodzi, kuti ukaona galimoto ya polisi mtima umayamba wathamanga kupita ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, kuti mvula ikagwa sabata yonse pa nazale palibe malipiro a maola owonjezera. Komabe mkuluyo akunena zoona pa chimodzi: pafupi ndi amayi pali mayi wamasiye amene akulera adzukulu, alibe mwana ku Joni, alibe mwana ku Lilongwe. Matumba akachepa, ndikaika amayi anga ndi mayi ameneyo pa sikelo, wotsogola ndi iye. Ndiye ngati amayi anachotsedwa chifukwa cha ine, andiuze. Ndivomera, sindikapanga phokoso. Koma andiuze mu Ogasiti kuti ndikonzeke, ndipo lamulo lomwelo ligwirenso pa khomo la mfumu imene mwana wake ali ku Durban, ndi pa khomo la mwini chigayo. Chimene sindingavomere ndi kuti amayi achotsedwe m'dzina la mayi wamasiye uja, chonsecho nayenso dzina lake silinatuluke, ndipo silinatulukedi.

Za nsanje ndi ufiti, ndinawayankha mwaulemu kuti m'mudzi mulibe chinsinsi cha thumba la makilogalamu 50. Limabwera pa njinga masana, ana akulithamangira. Amene walandira amadziwika kale. Osadziwika ndi maina amene ali pa mndandanda wa mudzi wathu koma eni ake sitinawaonepo pa maliro, pa chitukuko, kapena pa mjigo. Chinsinsi chimateteza amenewo. Ndiponso mfumu yachilungamo ndi imene imavutika kwambiri ndi mdima umenewu, chifukwa anthu amaiganizira kuti yadya pomwe sinadye, ndipo ilibe pepala loti ionetse. Mkuluyo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mwayankhula, koma mudzaona." Sitinagwirizane, ndipo tinapitiriza za maliro.

Pa msonkhano wa mwezi uno tinabwereranso ku nkhaniyi. Tagwirizana kuti kuyambira mu Meyi tiziyendetsa chipereganyu chapadera cha feteleza, aliyense akalandira azigula nthawi yomweyo osadikira maina. Dzina likadzatuluka, matumba owonjezerawo adzathandiza m'bale wina. Imeneyo inadutsa mosavuta. Yovuta inali yachiwiri, yolemba kalata pogwiritsa ntchito lamulo lija, kufunsa za madera athu okha: maina angati, atsata mfundo ziti, matumba angati afika ndipo atuluka angati. Aliyense anati kalatayo ndi yabwino. Pofika pa kusaina, anthu anayamba kuyang'ana mafoni. Wina mapepala ake a kuno anatha, safuna dzina lake lizioneka m'maofesi. Wina akuopa kuti akasaina, bambo ake amene dzina lawo likutulukabe adzachotsedwa chaka chamawa, ndipo palibe anamuseka, chifukwa manthawo tonse tikuwadziwa. Tinamaliza n'kuti kalata iliyonse isainidwe ndi munthu wa kumudzi komweko amene ali wokonzeka, ife tingothandiza kulemba ndi ya ulendo.

Usiku womwewo ndinaimbira achemwali, ndikuzungulirazungulira pofotokoza, kuopa kuwasenzetsa katundu amene ine ndili kutali naye. Sanadikire kuti ndimalize.

"Achimwene, dzina lathu linachoka kale, atichotsanso pati? Lembani mutumize pa WhatsApp, ndikasindikiza pa sitolo, ndikasiya ndekha Lolemba."